Chipika cha Apongozi Anga a Sinoya

Nelito, tabweretsa kuno telefoniyo ndione. Ichi ndiye chilombo chimene a profesora akuti mukajambule? Khosi ngati mgwalangwa, kamutu ngati ka buluzi. Ndiye akuti mafupa ake anasanduka miyala pansi pa nthaka, anthu n'kumachita kukumba? Tereza, usaseke, ine sindikutsutsa ayi. Kungoti inu ana mumayesa kuti chodabwitsa chilichonse chimakhala mu telefoni. Chonsecho pakhomo pompano pali chinthu chakale kuposa chilombo chanucho, ndipo mumaswerapo malambe tsiku ndi tsiku. Inde, miyala iwiri ija ili patsinde pa msawu. Kale unali mwala umodzi. Woswa ndine, ndipo pang'onong'ono agogo anu aakazi ndikanawaphonya chifukwa cha zimenezo. Khalani pansi.

Ine mu Tete muno ndinafika ndili ndi ndevu kale. Kwathu mukukudziwa, ndi ku Angonia, kumene munthu amagona ndi mabulangeti awiri n'kumadandaulabe. Nkhondo itavuta tinathawira ku Malawi, cha ku Dedza, mpaka mtendere unabwera. Anzanga anabwerera kumudzi kukalima kachewere. Ine ndinati ayi, ndikaone tauni. Ndinatsika lole kutsidya kwa mlatho, dzuwa lili paliwombo, nditavala jekete. Mphepo imene inandiwomba kumaso, ndinayesa kuti penapake nyumba ikupsa. Ndinafunsa mayi wina wogulitsa madzi kuti, "Amayi, moto uli kuti?" Anandiyang'ana kuyambira kujekete mpaka kumapazi, nati, "Moto wake uti? Lero kwazizira."

Katundu wanga anali thumba limodzi ndi nkhwangwa. Nkhwangwa imeneyo anandisulira mkulu wina ku Dedza ndi chitsulo cha galimoto yakufa, mpini ndinasema ndekha. Ndiyo inali ntchito yanga, ndiyo inali chakudya changa. Masiku amenewo kunalibe zotembenuza kabatani moto n'kutuluka m'chibotolo cha gasi ngati amachitira amayi anu. Aliyense ankafuna nkhuni. Ndinkalawirira kutchire kukadula tsanya, mtengo wouma mtima umene umayaka osathamanga, n'kukankha wilibala mpaka kumsika wa ku Josina Machel. Wilibala, Tereza, ndi imene inu mumati karinyu. Inu mungakankhe? Kungokutumani makala pa kona apa mumafunsa ngati pali ndalama ya txopela, kanjinga kamoto konyamula anthu kaja.

Kumsikako kunali mtsikana wokazinga nsomba, dzina lake Marita. Tsiku lililonse ankatola chikuni changa, kuchinunkhiza, n'kunena kuti n'chachiwisi. Mawa lake n'kubweranso. Iye ankalankhula Chinyungwe, ine Chinyanja, ndipo pakati pake tinkathiramo Chiputukezi chothyokathyoka. Ankaseka malankhulidwe anga, amati ndimayankhula ngati ndikuimba nyimbo ya maliro. Patapita miyezi ndinazindikira kuti munthu amene nkhuni zako zimamunyansa sakusungira mutu wokazinga wa nsomba ya pende. Inde, ndi agogo anu omwewa. Musawayang'ane, akunamizira kusankha nyemba koma akumva zonse.

Ndinalibe malume kuno, ndiye ndinapempha mkulu wina wa kwathu, wosoka nsapato, kuti andiperekeze kwa bambo ake a Marita. Tinabwera pakhomo lino lomwe, kuno ku Chimadzi, nyumba ikadali yadothi. Bamboyo anali a Sinoya, munthu wamimba, wa mawu aakulu, amene anakalambira pa chiwongolero cha malole. Akazi awo anali atamwalira, ndipo ankakhala awiriwiri ndi Marita. Tinawapeza akusewera bawo ndi anzawo atatu. Anamvetsera mawu athu onse osadukiza, kenako anandiyang'ana.

"Ndiwe wa nkhuni uja?"

"Ndine ndemwe, bambo."

"Ndiye nkhwangwa umaidziwa."

"Pang'ono, bambo." Ndinatero ndi pakamwa, koma mumtima ndinkati palibe wondiposa mu Tete monse.

Ananyamuka pamene anakhala, n'kuloza chomwe anakhalirapocho. Chinali chipika chachitali ngati mbuzi yogona, chonenepa ngati mtondo. Makungwa ake ankaoneka, mfundo ya nthambi inkaoneka, ngakhale timing'alu ta mtengo wouma.

"Chipika ichi chandikanika," anatero. "Ukachiwaza, ubwere tikambirane za Marita. Anzangawa ndi mboni."

Anzawo aja anaweramitsa mitu pa bawo, mapewa akugwedezeka. Ine ndinayesa kuti n'chifuwa cha ukalamba. Ndinathamanga kukatenga nkhwangwa, ndinavula malaya kuti Marita aone minofu ali pazenera, ndinalavulira m'manja, n'kukweza nkhwangwa mpaka kumwamba.

Ngweee!

Ana inu, moto unathetheka. Mpini unathyoka pakati, nkhwangwa inabenthuka n'kuulukira mu khola la nkhuku, ndipo manja anga anachita dzanzi mpaka m'mano. Chipikacho osakandika n'komwe. Akuluakulu aja anagwa chagada ndi phwete, mmodzi anatayitsa bawo yonse. A Sinoya misozi ili chuchuchu, akuti, "Mngoni, wasiyiranji? Kamodzi kokha?"

Ndinagwada n'kuchikhudza. Chinali chozizira, cholimba. Mwala. Mtengo ndithu m'maonekedwe, koma mwala.

Mawa lake kumsika Marita anandiuza kuti ndinali wachinayi. Woyamba anali mphunzitsi, anachoka osatsanzika. Wachiwiri anathyola chala. Wachitatu anakafalitsa bairo yonse, dera lonse lino, kuti a Sinoya ali ndi mtengo wokhwimira. "Bambo safuna kuti ndikwatiwe," anatero Marita. "Akuopa kutsala okha. Inu ingodekhani, muzibwera kudzawalonjera, mtima wawo udzatsika."

Malangizo abwino. Koma ine ndinali ndi nkhwangwa yobenthuka ndi manyazi odzaza wilibala. Ndiponso ndinali ndi kanzeru kena. Ku Dedza kuja ndinagwirako ganyu yoswa miyala ya maziko a sukulu, ndipo kumeneko ndinaphunzira kuti mwala umene wakana hamala sukana moto ndi madzi.

Loweruka lina ndinamva kuti a Sinoya apita kumaliro ku Mpadue, Marita ali kumsika. Ndinabwereka nkhwangwa, ndinadula tsanya mitolo iwiri, n'kuunjika pa chipikacho. Ndinasonkha moto kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika pamutu. Tangoganizani, moto wa tsanya, dzuwa la Tete, ine pakati. Nditaona kuti mwala wapsa bwino, ndinakankha makala, ndinatunga ndowa ya madzi a mumtsuko, n'kukhuthula.

Phaaa!

Nkhondo inali itangotha kumene, musaiwale. Mayi wa nyumba iyo anagona chafufumimba m'munda wa therere. Bambo wina amene ankadutsa pa njinga anaisiya n'kulowa mu ngalande. Utsi utachoka, chipika chija chinali pawiri, chodukiratu pakati ngati mkate.

Ndinasesa phulusa, ndinasamba kumaso, ndinavala malaya, n'kukhala pa mpando kudikira. Ndinkayeserera ndi mawu oti ndidzanene. Ndinkafuna ndiwanene modzichepetsa, koma momveka mpaka kwa anzawo a bawo aja.

A Sinoya anafika dzuwa litapendeka. Anaima pa chipata. Ndinanyamuka n'kunena kuti, "Bambo, ntchito ija ndamaliza."

Anayenda pang'onopang'ono, anavula chipewa, ndipo munthu wamkulu uja anagwada m'phulusa ndi buluku lake la kumaliro. Anayala chikhatho pa chidutswa chimodzi, chikadali chofunda. Ndinadikira kuseka kuja, koma sikunabwere.

"Mayi anga ankakhala apa," anatero, osandiyang'ana.

Ndiye anayamba kulankhula, ngati akuuza mwalawo osati ine. Kwawo kunali kumtunda kwa Zambezi, njira ya ku Magoe. Kumeneko, akuti, mitengo yamiyala yotere imangogona m'tchire yathunthu, ana n'kumadumphapo. Chidutswa ichi chinali pakhomo pa mayi awo. Ankakhalapo posenda mtedza, bambo awo ankanolerapo mipeni. Madzi a damu atayamba kukwera, mudzi wonse unasamuka. A Sinoya anapita ndi lole, ndipo amuna asanu ndi mmodzi anawathandiza kukweza mwalawo, anthu akuwaseka kuti ena akunyamula mbuzi, iwo akunyamula mwala. Nyumba, minda, manda a makolo awo, zonse zili pansi pa madzi.

"Cha kwathu chimene ndinatsala nacho n'chimenechi," anatero. Kenako anakweza maso. "Choka."

Ndinachoka. Ana inu, ine ndathawapo nkhondo, ndagonapo ndi njala, koma ulendo wochoka pa msawu uwo kukafika pa chipata icho ndi umene unanditalikira kwambiri. Inenso ndinali munthu wosiya kwawo. Ndikanayenera kufunsa kuti mwala wotere unafika bwanji m'tauni.

Masabata awiri sindinapite ku Josina Machel. Nkhuni ndinkagulitsira kutsidya, ndipo ndinayamba kufunsa za malole opita ku Angonia. Tsiku lina ndikumanga mtolo, ndinangoona mapazi odziwika ataima patsogolo panga.

"Nkhuni zanu n'zaziwisi," anatero Marita.

"Pepani."

"Kupusa mwapusa. Koma bambo akukufunani."

M'njira anandifotokozera. A Sinoya anatha masiku osasewera bawo, akudya pang'ono. Marita, pofuna kuchotsa mwaye, anatenga madzi ndi chiguduli n'kutsuka zidutswa zija. Atatsuka poduka paja anakuwa, bambo ake n'kutuluka.

Ndinawapeza atakhala pansi, zidutswa ziwiri ataziimika patsogolo pawo. Inu mwazizolowera, simuziyang'ananso. Koma mawa mukathirepo madzi muone. M'kati muja muli kufiira ngati chiwindi, muli chikasu, muli timizere tozungulirazungulira ngati pa chitsa chodula kumene, ndipo pakatikati pali toyera tonyezimira ngati mchere.

"Zaka makumi awiri ndakhalira chinthu ichi," anatero a Sinoya, "osadziwa kuti m'kati chinavala chitenje. Mayi anganso anafa osadziwa."

Ndinagwada. "Bambo, ndinalakwa. Ndikanafunsa."

"Wopusa ndiwe," anatero. "Koma woyambitsa ndine. Ndinanena ndekha, pamaso pa anthu, ndipo anzanga aja sakundipatsa mpata wobweza mawu." Anapumira m'mwamba. "Tsono tamvera. Lamulungu lililonse uzibwera ndi mchenga wa kumtsinje. Uzikhula pamenepa mpaka ndidzaonepo ndevu zanga. Ndikadzaziona, Marita ndi wako."

Ndinayamba mvula yoyamba isanagwe. Ndinkatsika ku Zambezi, kudzaza thumba la mchenga, kukwera nalo kuno, n'kukhala pansi ndi madzi ndi kamwala kaphanthi. Kwecha, kwecha, kwecha. A Sinoya ali pambali, akundiuza za misewu yonse imene anayendamo, ya ku Beira, ya ku Zobue, ndi malo alionse pamene lole inawafera. Chinyungwe changa ndinachiphunzirira pamenepo, n'chifukwa chake mpaka lero ndimadziwa mawu ambiri otukwanira injini kuposa opempherera. Masana Marita ankabweretsa chikowa cha nsinjiro, nsomba youma yamchere ija imene inu mumaikwinyira mphuno chifukwa mwazolowera nkhuku ya mu firiji. Tinkatsitsira ndi phala la malambe. Poyamba ankandiikira mbale yanga patali. Kenako, sindikumbuka tsiku lake, ndinangozindikira kuti ndikupisa mbale imodzi ndi a Sinoya.

Mvula inatha, masawu anapsa, zala zanga zinasupuka n'kumeranso khungu lina. Mwala uja unasalala, inde, koma kalilole ayi. Ndinkati ndikasuzumira, ndinkangoona chithunzithunzi ngati cha munthu wa m'madzi a matope. Lamulungu lina a Sinoya anawerama, anayang'ana nthawi yaitali, anatembenuza mutu uku ndi uku akusisita chibwano.

"Ndaziona," anatero.

Ndinasuzumira nanenso. Munalibe kanthu.

"Bambo, mwaziona ndithu?"

"Ukufuna kutsutsana ndi apongozi ako?"

Ndipo anaika lamulo limodzi lokha, lakuti tisachoke pakhomo pano. Anthu a kuno ankaseka kuti mwamuna akakhala bwanji kwa mkazi. Ine ndinati kwathu chikamwini si chachilendo. Chipinda chimene mumagona inucho ndinamanga ndine, chaka chimene anabadwa bambo ako, Nelito.

Tsono zaka zinapita. Kunabwera nyengo ya malasha, pamene Moatize inadzuka ndipo Tete anadzaza ndi anthu a zipewa zolimba. Mumsika unkamva zilankhulo zimene sunazimvepo. Ena opemphera Lachisanu, ena Loweruka, ena Lamulungu, onse akufuna pogona. Ifenso tinakonza kachipinda kakuseri, ndipo munalowa mtsikana wina wochokera ku Beira, Dona Amelia. Ntchito yake inali yowerenga miyala. Musaseke, ilipo ntchito yotero, ndipo ankapita kuntchitoko pa galimoto yoziziritsa m'kati.

Tsiku lofika, akudutsa pa msawu, anaponya chikwama pansi n'kugwada. Anatulutsa kagalasi m'thumba, n'kuyamba kuyang'ana mwala uja ngati mayi wofuna nsabwe m'mutu mwa mwana.

"Anaswa ndani?" anafunsa.

Nyumba yonse inaloza ine. Ngakhale bambo ako, Nelito, amene pa nthawi yoswayo anali asanabadwe.

"Ndi chiyani?"

"Ndi moto, Dona."

Anagwira kumutu. Anandikalipira mwaulemu, Chiputukezi chosalala, kuti zinthu zimenezi siziswedwa, sizigulitsidwa, ndipo wina akadzabwera ndi galimoto kuti azitenge tidzamukanize. Agogo anu aakazi anayankha kuti, "Musavutike Dona, chilango analandira kale."

Pa nthawiyo a Sinoya anali atakalamba kwambiri, maso atachita khungu. Tinkawatulutsa m'mawa kuwakhazika pa chimodzi mwa zidutswazo. Atamva kuti mlendo akudziwa za mwala wawo, anamuitanitsa.

"Mwanawe, tandiuza. Uwu ndi mtengo kapena mwala?"

"Unali mtengo, agogo," anatero Dona Amelia. Anafotokoza kuti unagwa n'kukwiririka m'matope usanawole. Madzi a pansi ankalowa mu timitsempha take pang'onopang'ono, akusiya mwala pamene panali thabwa, mpaka wonse unasinthika koma maonekedwe osasintha. Anatinso malasha a ku Moatize ndi nkhalango za nthawi yomweyo. Anakatenga kamwala kakuda m'chipinda mwake n'kuwagwiritsa. Pamenepo panali tsamba, looneka ngati lilime, mitsempha yake yonse ili mbee. A Sinoya analitsatira ndi chala kuyambira kuphata mpaka kunsonga.

"Ndiye ndi wa liti? Wa nthawi ya agogo a agogo anga?"

Dona Amelia anatchula zaka, mamiliyoni mazana awiri ndi kuposa. Ine nambala imeneyo inangondidutsa pamutu ngati ndege. A Sinoya sanavutike nayo.

"Zambezi analipo?"

"Kunalibe, agogo."

"Anthu?"

"Kunalibe ndi mmodzi yemwe."

"Ndiye mumthunzi mwake munkakhala ndani?"

"Tizilombo tina tokwawa, mwina. Tofanana ndi abuluzi akuluakulu."

A Sinoya anaseka, kuseka kwawo kwakale kuja. "Wamva, Mngoni? Woyamba kukhalapo ndi mayi anga. Wachiwiri ine." Kenako anafunsanso, "Nanga mbalame? Zinkamanga zisa zotani m'menemo?"

"Mbalame zinali zisanakhaleko, agogo. Ngakhale maluwa kunalibe."

Kuseka kunatha. Dzanja lawo linkasisita makungwa a mwala aja.

"Mtengo wonsewu," anatero, "kukula, kukalamba, mpaka kugwa, osaterapo mbalame ndi imodzi yomwe?"

"Ndi imodzi yomwe."

"Ayi," anatero a Sinoya. "Zimenezo si zoyenera kuchitikira mtengo."

Mawa lake m'mawa anakana kukhala pa mwala. Anati tiwaikire mpando patali pang'ono, ndipo anaitana Marita kuti abweretse mapira odzaza dzanja. Anandiuza kuti ndiwathire pa zidutswa zonse ziwiri, ndithamangitse nkhuku, n'kukhala chete. Tinadikira. Ine ndinkaona ngati ukalamba wawafika m'mutu. Dzuwa litayamba kutentha, kunabwera timba mmodzi. Anatera pa msawu, anayang'ana uku ndi uku, n'kudumphira pa mwala. Kenako anabwera anzake, kenako njiwa ziwiri.

A Sinoya sankaona, koma anamva timilomo tikugogoda.

"Zatera?" ananong'ona.

"Zatera, bambo."

"Zingati?"

"Zisanu ndi ziwiri. Ayi, zisanu ndi zitatu."

Anagwedeza mutu, nkhope yonse ili mwee. "Eya," anatero. "Mtengowu wadikira nthawi yaitali."

Anachita zimenezo m'mawa uliwonse mpaka chaka chimene anatisiya. Ndiye mukamandiona ndikutuluka ndi mapira m'manja inu mukuthamangira ku sukulu, musamati agogo ayamba kusokonezeka. Mawa ndi Loweruka, kulibe sukulu. Amene adzuke msanga ndiye akathire. Koma nkhuku muzithamangitse kaye, chifukwa apongozi anga ankati nkhuku siwerengedwa.